Tambala Amene Tinadya Wapezeka

Ndinali pakhoma lachitatu. Madzi osefukira pochoka anatisiyira mzere wa matope kuzungulira nyumba yonse, wowongoka ngati wina anachita kuyeza ndi chingwe, ndipo pakhoma la pabalaza mzerewo unadutsa pachibwano penipeni pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu. Ambuye anamira mpaka m'khosi ngati tonsefe. Ndinali nditawapukuta kale n'kuwayanika padzuwa pamodzi ndi mabuku a ana, ndipo tsopano ndinkakwecha khomalo ndi khoko la kokonati, msana ukuwawa, pamene ndinamva Thresiamma akukuwa kumpanda.

"Rahel! Iwe Rahel! Tasiya zimenezo. Tambala wanu wapezeka!"

Sindinatembenuke. Thresiamma, amene timamutchula Chechi, kutanthauza achemwali, ndi mnansi wathu, mayi wamasiye wa nyumba yosanja imene anamumangira mwana wake wa ku Dubai, ndipo mawu ake amafika pakhomo mwini wake adakali panjira.

"Tambala uti, Chechi?"

"Muli ndi atambala angati? Wofiira uja. Wa Woyera uja. Ali kukanyumba ka mtanda pamphambano, wakhala pamwamba pa galasi la chifanizo cha Givargisi Woyera, pamutu penipeni pa hatchi. Anthu adzaza. Wina wayatsa kale makandulo."

Ndinaponya khoko m'ndowa n'kumuyang'ana. Nayenso anandiyang'ana, milomo ikunjenjemera ndi phwete limene ankalibisa.

"Chechi," ndinatero motsitsa mawu, "tambala ameneyo tinadya."

"Ukuuza ndani? Chiwindi ndinadya ndine. N'chifukwa chake ndathamanga. Lazaro anagona m'manda masiku anayi okha. Uyu watha milungu itatu m'mimba mwa anthu khumi ndi mmodzi, koma wauka ndi nthenga zake zonse."

Ndifotokoze mmene zinakhalira, chifukwa sindikufuna wina aziti Rahel amangopha nkhuku za oyera ngati masewera.

Madzi analowa m'nyumba Lachinayi m'mawa, ndipo pofika masana tinali padenga la simenti la Thresiamma: ine, amuna anga a Kuriachan, ana athu Jincy ndi Mini, Thresiamma mwini wake, ndi banja la Raghavan wometa tsitsi, anthu asanu ndi mmodzi, kuwonjezapo khanda la miyezi iwiri la mpongozi wake. Tinakwera ndi mbaula ya gasi, theka la thumba la mpunga, ndi tambala, chifukwa Mini anakana kulowa m'bwato popanda iye.

Tsiku lomwelo njoka inakwera masitepe, nayonso ikuthawa madzi, n'kulunjika pamkeka pamene panakhala Mini. Palibe amene anaiona koma tambala. Anailumphira, mapiko ali phaphapha, ndipo a Kuriachan anaimaliza ndi nkhafi. Kenaka anagwada pasimenti ponyowapo, mvula ikuwamenya kumaso, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Givargisi Woyera, tambala uyu ndi wanu. Tikatsika pano amoyo, ndidzamubweretsa ndekha pachikondwerero chanu." Palibe anadabwa. Woteteza anthu ku njoka ndi Woyerayo, ndipo chowinda chake ndi tambala. Ngakhale Raghavan, amene amapemphera kukachisi wa Ahindu, anavomereza ndi mutu.

Tsiku lachitatu mpunga unatha. Amuna anatenga bwato kukafuna abakha athu, abakha mazana asanu ndi atatu amene amatidyetsa ndi kulipirira ana sukulu. Mpongozi wa Raghavan mkaka unamuuma, ndipo khanda linalira mpaka mawu kutha, likungotsegula kukamwa ngati nsomba. Mini anali atasiya n'kupempha komwe. Ndinayang'ana tambala, tambala anandiyang'ana. Thresiamma anangotsika masitepe awiri amene anali adakali ouma n'kubwera ndi mpeni wa anyezi. Ana tinawatuma mbali ina ya denga kuti azikupizira helikopita nsalu. Nthenga tinaponya m'madzi.

A Kuriachan anabwera dzuwa litapendeka, chimanjamanja. Anangoti, "Apita onse." Ndinawapatsa mbale, ndinati ndi thadzi la Thresiamma limene tinalipeza mumtengo. Anadya osayang'ana m'mbale. Atasamba m'manja anafunsa kuti tambala ali kuti, ndipo ine ndinati mphepo ya helikopita inamuopsa, anauluka. Ndinkaona ngati ndi kabodza kakang'ono, kofanana ndi njere ya mpiru. Ndinaiwala zimene Baibulo limanena za njere imeneyo.

Titabwerera kunyumba kuchokera kusukulu kumene anatisunga, ndinapeza kuti mwamuna amene ndinabwera naye si amene ndinakwera naye denga. A Kuriachan ndi munthu amene pamapemphero a madzulo amaimba mokweza moti ana a Raghavan amadziwa nyimbo zathu zonse pamtima. Tsopano ankagwada milomo ili chete. Bwato linagona chafufumimba m'mbali mwa ngalande. Tsiku lonse ankakhala pakhomo ndi ndodo pamiyendo, maso m'tchire, ndipo tulo anasiya. Dontho limodzi la mvula likagwa pamalata ankadzambatuka. Ndikawafunsa ankangoti, "Woyera wakana chowinda changa. Tambala wake wandithawa. Munthu amene Woyera wamukana, njoka zimamudziwa."

Mufunsa chifukwa chake sindinawauze. Tsiku loyamba ndinali ndi matope ofika m'mawondo m'khitchini. Tsiku lachiwiri chitsime. Pofika mlungu wachiwiri bodza linali litamera nthambi, ndipo ndinkaopa kuti ndikanena zoona adzati ana athu anadya za Woyera, n'kuyamba kulondera ndi mimba zawo zomwe. Choncho ndinakhala chete n'kumakwecha makoma ndekha, iwo akulondera njoka zimene sizinkabwera.

Thresiamma adakali pampandapo tinamva phokoso kumsewu. Anali a Kuriachan. Sindikudziwa amene anawauza, sindinawaone n'komwe akuchoka pakhomo, koma ankabwera atakumbatira tambala wofiira pachifuwa ngati mwana wobatizidwa kumene, gulu la amayi ndi ana likuwatsatira.

"Rahel! Wabwera! Tuluka udzaone!"

Kanali koyamba m'milungu itatu kumva mawu awo akudutsa mpanda. Ndinatuluka, manja ali matope. Tambalayo analidi wofiira, mchira wakuda wobiriwira ngati wathu uja. Koma anali wamkulu pang'ono, ndipo anali ndi maso a munthu amene anakhalapo kundende.

"Ichaya," ndinatero mosamala, ndikuwaitana monga timaitanira amuna athu kuno, "wathu uja si anali ndi chala chopindika kuphazi lamanzere?"

Anakweza phazi la tambala n'kulionetsa anthu onse. Zala zinali zowongoka ngati makandulo.

"Mwaona? Mwaona inu? Wakhala kwa Woyera milungu itatu, ndiye iwe umafuna abwere akadali wolumala?"

Amayi anaombera m'manja. Wina anayamba nyimbo. Thresiamma anachita chizindikiro cha mtanda, n'kutsokomola kwambiri mpaka anachita kukhala pansi.

Tambala wa Woyera sagona m'khola. Anatero a Kuriachan, ndipo anamuyalira thumba pabalaza, pansi pa khoma lachitatu lomwelo. Pofika madzulo anali atandionetsa kale zimene amaganiza za simenti imene ndinatsuka masiku anayi ndi mankhwala. Anajompha Jincy pachidendene. Anakwera patebulo n'kudya phala la mpunga m'mbale ya Mini, ndipo Mini anamusiya, akuti mwina ndi Woyera amene ali ndi njala. Ine akandiona ankafufumitsa nthenga za m'khosi n'kubwera chammbali, ngati akudziwa zonse.

Koma taonani zimene zinachitika. Madzulo amenewo a Kuriachan anaimba. Anaimba mpaka galu wa Raghavan anayankha. Anadya chinangwa ndi nsomba, n'kupempha china. M'mawa mwake anagadabuza bwato n'kuyamba kufufuza pamene pakudontha. Anayamba kukamba za anapiye a abakha, kuti kwa uje akuswa mwezi wamawa. Ndodo ija sanaitaye, ankagonabe khutu limodzi lili panja, ndipo kangapo patsiku ankasiya ntchito kudzasuzumira ngati tambala akadalipo. Komabe anali munthu.

Ndiye ndinadziuza kuti, Rahel, ukufunanso chiyani? Mulungu wakukonzera bodza lako, tseka pakamwa. Koma mtendere umene unalowa mwa iwo unali ngati watuluka mwa ine. Pamapemphero ndikafika pa mawu akuti mutikhululukire zochimwa zathu, tambala ankandiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera pathumba lake. Mikanda ya kolona inkandithawa m'zala. Ndinathira mchere mu tiyi.

Lachinayi anabwera kuchokera kutchalitchi nkhope ikuwala.

"Ndakamba ndi Bambo Zakariya. Lamlungu ikatha Misa ndichitira umboni pamaso pa mpingo wonse. Ndipita naye tambala. Iwenso uimirira pambali panga, unene mmene unamuonera akuuluka."

"Ine sindidziwa kulankhula pagulu."

"Iwe? Amene unakalipira khansala pamsonkhano wa madzi mpaka anavula magalasi?"

Thresiamma atamva anati asoka bulauzi watsopano, akhale kutsogolo.

Lachisanu m'mawa ndinamva belu la njinga ndi mawu amene ndimawadziwa: "Nsombaa! Nsomba zaziwisi!" Anali Nabeesa, mayi wachisilamu amene amatigulitsa nsomba kuyambira Jincy ali kumsana. Nyumba yake ya kutsidya la mlatho inagwa mbali imodzi, ndipo kanali koyamba kumuona chichokereni madzi. A Kuriachan anali kungalande. Tikusankha nsomba pakhomo, tambala analira pabalaza.

Nabeesa anaima, nsomba ili m'manja.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Wa Woyera," ndinatero msanga. "Izi ndi zadzulo kapena zalero?"

Anaika nsomba ija pansi. Anapinda lilime n'kuitana mwanjira yake, katatu, ndipo chigawenga chija, chimene chinali chitajompha aliyense m'nyumba mwanga, chinatuluka chothamanga n'kudzagona pamapazi ake ngati mphaka.

"Sulutani! Mwana wa galu iwe, unali kuti?" Anamunyamula n'kumupsompsona pamutu. "Ndamufuna mpaka kumsika wa nkhuku. Rahel, uyu ndi wanga. Pankhuku makumi atatu ndatsala ndi matadzi asanu ndi iyeyu."

Ndinamukokera kukhitchini, tambala ndi zonse, n'kumuthirira tiyi. Nthawi ino ndinathira shuga. Ndinamuuza zonse, kuyambira njoka mpaka Lamlungu. Anaseka mpaka mpango unagwa kumutu.

"Ndiye Sulutani wanga walowa Chikhristu?"

"Nabeesa, ndibwereke. Mpaka chikondwerero."

"Ndiye pachikondwererocho mumuchite chiyani?"

Ndinamuwonjezera tiyi.

"Mumuphe! Ukuona ngati sindidziwa? Chaka chilichonse fungo lake limafika kwathu. Ayi, mnzanga. Matadzi anga akuikira mazira opanda ntchito. Popanda uyu ndilibe anapiye, popanda anapiye khoma lija silidzaimanso." Anamwa tiyi, n'kuyang'ana kungalande kumene kunkamveka nyundo. "Amuna akowo anatulutsa amayi anga pawindo tsiku loyamba lija. Sindimulanda m'manja mwawo ngati wakuba. Ndikusiyira mpaka mawa madzulo. Ukapanda kumubweretsa, ndibwera Lamlungu kutchalitchi kwanuko, ndidzamuitane katatu pakati pa umboni."

Ndipo Nabeesa akanena amachita.

Loweruka m'mawa ndinapita kukalapa. Bokosi lolapiramo linali litafufuma ndi madzi, chitseko sichinkatseguka, choncho Bambo Zakariya ankamvera anthu pakhonde la tchalitchi, atakhala pampando wapulasitiki. Palibe kansalu, palibe kawindo. Munthu umangogwada n'kumaona nkhope yonse ya wansembe, ndipo ine ndinaona mapewa awo akuyamba kugwedera ndisanafike n'pakati pomwe.

"Bambo, si nkhani yoseketsa."

"Ayi, mwana wanga, si yoseketsa. Pitiriza." Anapukuta m'maso. "Munathiramo chiyani?"

"Bambo?"

"Padengapo. Munali ndi chiyani?"

"Tsabola wakuda, anyezi awiri otsala, ndi kokonati amene anabwera yekha akuyandama."

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wadya mabisiketi a chithandizo milungu itatu.

"Tamvera, Rahel. Za kupha tambala kuti ana adye, ndafufuza m'mutu mwanga monse, tchimo lake sindikulipeza. Bodza ndiye lako. Wamusiya munthu akuganiza kuti Mulungu wamufulatira, pamene iwe ukudziwa kuti si choncho. Ukamuuze lero."

"Ndipatseni makolona khumi."

"Ayi."

"Makumi awiri, chogwada pamiyala."

"Pano si pamsika wa nsomba."

"Bambo, simunamuone mmene analili. Tsopano akudya, akuimba. Mukufuna ndimulande zimenezo?"

"Ndamuona. Anabwera kuno Lachinayi, ndipo pamphindi khumi anandifunsa kawiri ngati ndikuganiza kuti tambalayo angathawenso. Mtendere umenewo uli ndi mapiko, Rahel, ndiponso ndi wa Nabeesa." Anakweza dzanja n'kundikhululukira. Ndikudzuka, mawondo akulira, anawonjezera: "Kodi atambala onse aja amene anthu amabweretsa pachikondwerero amapita kuti?"

"Mukufunsa ine? Ndani amasenda anyezi chaka chilichonse kuseri kwa holo?"

"Basi. Ndimangofunsa."

Ndinachoka nditakwiya, ndikuganiza kuti akundinyogodola.

A Kuriachan ndinawapeza kungalande, atakhala pansi pambali pa bwato, akukhomera ulusi wa kokonati m'ming'alu n'kumapaka mafuta a nsomba. Tambala anali atamumangirira ndi kachingwe pamtengo wa nthochi, pamene angamuone. Ndinaima patsogolo pawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, koma onse anathawa, ndiye ndinangonena.

"Ichaya, tambala uyu ndi wa Nabeesa."

Sanasiye kukhoma. "Nabeesa walakwitsa."

"Sanalakwitse. Dzina lake ndi Sulutani. Wathu uja sanathawe. Ndinamupha."

Nyundo inaima m'mwamba.

"Tsiku lija munapita kukafuna abakha. Msuzi uja."

"Unati ndi thadzi la Thresiamma."

"Chechi sanawetepo nkhuku chibadwire. Amati zimaipitsa matailosi."

Anaika nyundo pansi pang'onopang'ono. Ndinayang'ana kumene ndingathawire, ngakhale kuti pazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu sanandikwezerepo dzanja. Anayang'ana madzi.

"Ndinawonjezera kawiri," anatero.

"Katatu."

"Ndiye kuti sanauluke."

"Anayesa. Chechi anamugwira miyendo."

"Sanandithawe."

"Ayi."

"Ndiye kuti Woyera..." Anandiyang'ana, kukamwa kuli yasa. "Milungu itatu, Rahel! Milungu itatu ndakhala pakhomo paja ndikuganiza kuti kumwamba konse kwandikana, pamene ndi iwe ndi mpeni wa anyezi!"

Anayamba kuseka. Anaseka atagwira m'mimba, anaseka mpaka anatsamira bwato, tambala n'kuyamba kulumphalumpha pachingwe. Ndinatsala pang'ono kuseka nawo, koma ndinaona kuti kusekako kwasanduka kwina. Mapewa ankagwederabe, koma mawu anali atasintha. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a mayi awo.

"Ndinawatsekera," anatero. "Abakha aja. Sanatengedwe ndi madzi ayi, ndinakunamiza. Lachitatu madzulo ndinawalowetsa mu ukonde n'kumanga pamwamba pomwe kuti asabalalike. Ndinkati madzi afika m'mawondo ngati chaka chilichonse. Bakha amasambira, Rahel. Ndikanangowasiya. Ndinawapeza onse mu ukondemo, ukonde utakulungika pamtengo. Bambo anga anaweta abakha, agogo anga anaweta abakha, ine ndi amene ndinamiza bakha m'madzi. Ndiye pobwera, iwe n'kuti tambala wauluka. Ndinati basi, aona zimene ndachita, safunanso kanthu kochokera m'manja mwanga."

Ndinakhala pansi pamatopepo, nsalu yanga ya kutchalitchi ndi zonse. Ine si munthu wa mawu okoma, ndilibe nthawi yake. Ndinangogwira mutu wawo wonunkha mafuta a nsomba n'kuuika paphewa, mpaka kugwedera kuja kunatha.

"Raghavan akudziwa?" ndinafunsa.

"Anali m'bwato. Analumbira kuti sanena."

"Wometa tsitsi kusunga chinsinsi milungu itatu. Chozizwitsa chenicheni ndi chimenecho, osati nkhukuyi."

Anafwenthera, n'kupukuta nkhope ndi nsalu ya m'chiuno.

"Usiku uja Mulungu anali ndi anthu oti awatsitse m'mitengo," ndinatero. "Mukuganiza kuti anali ndi nthawi yokwiyira munthu amene anamanga ukonde kuti ana ake asagone ndi njala? Mwamiza abakha, ine ndapha tambala. Tonse ndife adani a mbalame. Koma ana awiri ali m'nyumbamo akukangana za chipeso."

Kenaka nkhope inakwinyikanso.

"Nanga chowinda? Ndinalonjeza tambala ameneyo. Ndinati ndidzamubweretsa ndekha."

Apa m'pamene funso la Bambo Zakariya linandifika, mochedwa ngati basi ya kwathu.

"Mukanamubweretsa, akanatani naye? Mukuona ngati Woyera amatsika pahatchi n'kukamanga khola? Timawapha kuseri kwa holo, timaphika, aliyense wobwera ndi njala amadya, Mkhristu, Mhindu, Msilamu, ngakhale oledzera a pamlatho. Ine ndinangoyamba msanga. Anthu khumi ndi mmodzi anadya, onse a njala yeniyeni, osati aja amabwera ndi zitini zotengera kunyumba."

"Popanda timikate ta mpunga."

"Munali nato?"

"Popanda wansembe kudalitsa."

"Chechi ananena Atate Athu yense, mpeni uli m'manja. Mkazi wa Raghavan anawonjezera zakwawo. Ndipo m'mawa mwake khanda lija linayamwa. Munalimva likuliranso?"

Anaganiza. Amuna anga akamaganiza amatenga nthawi, ngati bwato lodzaza mchenga likamakhota.

"Ndinati ndidzamubweretsa ndekha," anatero pomaliza, akusisita mimba. "Gawo lalikulu ndalowa nalo kale m'tchalitchi katatu."

"Mwaona."

"Komabe pachikondwerero ndipereka wina. Wamoyo. Wanthenga."

"Mukapemphe mwanapiye kwa Nabeesa. Koma muyambe mwamubwezera bambo wake wa mwanapiyeyo."

Anamumasula okha. Sulutani, amene masiku onsewa ankawalola kumunyamula ngati mfumu, anaona kuti ulemu watha, ndipo anawajompha padzanja mpaka magazi. A Kuriachan anamutchula dzina limene sindingalilembe pano, n'kumupanira m'khwapa.

Ndinawaperekeza mpaka pamlatho. Nabeesa anali akusanja njerwa zakugwa. Analandira tambala wake, n'kumuyang'ana uku ndi uku.

"Wanenepa," anatero. "Chikhristu chamuyanja. Achimwene, mukamuuze Woyera wanuyo kuti akafuna nkhuku azibwera pakhomo n'kuodira ngati anthu ena onse."

"Ndikamuuza," anatero a Kuriachan. "Khoma ili lisiyeni, ndibwera Lolemba ndi Raghavan."

Pobwerera anati mawa achitirabe umboni, popeza Bambo analengeza kale.

"Umboni wa chiyani?"

"Wa abakha. Anthu amve. Alipo ena amene anamanga maukonde usiku uja, ndikuwadziwa, akuyenda atazolika ngati ine." Anandiyang'ana cham'mbali. "Ndi wa msuzi."

"Mukangotchula dzina langa, mudya phala lopanda mchere mpaka Khrisimasi."

"Ndingoti mayi wina wa mumpingo muno, wamfupi, wolusa."

Thresiamma anali pampanda akutidikira. Ataona kuti tilibe tambala, nkhope inagwa.

"Wamuuza? Iwe mwana, ndiye bulauzi wanga ndimuvalira chiyani?"

"Muvale, Chechi," anatero a Kuriachan. "Ndikutchulani inunso. Ndamva kuti mumagwira bwino miyendo."

Titadya masana kunja kunada, ndipo mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Ndinathamanga kukaanula mabuku a ana ndi chithunzi cha Ambuye, ndikukuwira Jincy kuti atseke mawindo. Ndinalowa ndikuyembekeza kuwapeza ataima pakhomo ndi ndodo, maso kungalande. Ndodo inali pansi pakhonde, ikunyowa. Iwo anali pabalaza. Anali atakankha thumba la Sulutani ndi phazi, n'kuyala mkeka motsatira khoma lachitatu, ndipo anali atagona chagada, dzanja lojomphedwa lija lili pachifuwa, mkonono ukupikisana ndi malata.

Pa makoma onse a m'nyumba muno, anasankha limenelo. Mzere wa matope unali pamwamba pa mutu wawo, theka lokwecha, theka losakwecha, monga ndinausiyira tsiku lija, ndipo pansi panali zonse zimene Sulutani anatisiyira kuti tizimukumbukira.

Mini anatsegula pakamwa kuti awadzutse. Ndinamuloza ndi chala, anatseka. Ndinakoleka Ambuye pamsomali wawo, matope adakali kumbuyo kwawo, n'kukatunga madzi ena m'ndowa. Khoko lija linali litauma gwa. Ndinalinyika, ndinapita kungodya ya kumapazi kwawo, n'kuyamba kukwecha pang'onopang'ono kuti lisamveke.